Mwana akakankha mbale

Ndili ndi kope lachikuto chofiira limene ndimamasuliramo zinthu zimene palibe wandituma. Masana ndimamasulira zondidyetsa: malipoti a mabungwe, timapepala ta uphungu wa zaumoyo, nthawi zina mafunso a kafukufuku amene mwini wake akuwafuna mawa m'mawa. Usiku, magetsi akakhalapo, ndimatsegula kopelo n'kuyesa kuika m'Chichewa masamba a mabuku amene anandilera. Mwezi wathawu ndinafika chakumapeto kwa *Nervous Conditions*, buku la Tsitsi Dangarembga, ndipo ndinaima. Chingerezi chake si chovuta. Chinandiimitsa ndi mneni mmodzi: kodi chimene Nyasha akuchita ndi chakudya chake tichitchule kuti chiyani?

Madokotala ali nawo mayina awo, ndipo ndiwatchula kutsogoloku. Koma ine ndinkafuna mawu amene amayi anga angawamve popanda kuwafotokozera, mawu oti agogo akanakhala moyo akanagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ee, zimenezo timazidziwa." Ndinalemba anayi m'mphepete mwa tsamba: kunyanyala, kusala, kudzimana, kudzilanga. Onse ndinawafufuta, kenaka onse ndinawabwezera. Patapita masabata atatu ndinavomera kuti dikishonale inalibe mlandu. Ndinkazengereza chifukwa mawu alionse amene ndikanasankhira Nyasha ndikanakhala ndadzisankhiranso ndekha.

*

Kwa amene simunaliwerenge, bukuli linatuluka ku London mu 1988, ndipo chaka chotsatira linapata mphoto ya Commonwealth Writers' Prize ya chigawo cha Africa. Nkhani yake ikuchitikira ku Rhodesia, dzikolo lisanatchedwe Zimbabwe, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1970. Wosimba nkhani ndi Tambudzai, kapena kuti Tambu, mtsikana wa kumudzi amene mwayi wa sukulu ya mishoni ukumupeza chifukwa mchimwene wake Nhamo wamwalira. Womulipirira ndi Babamukuru, amene ife tikanati bambo aakulu, mphunzitsi wamkulu pamishonipo, munthu amene abale onse amamuyang'ana ngati mtambo wa mvula. Babamukuru anakhala zaka zisanu ku England akuphunzira, pamodzi ndi mkazi wake Maiguru ndi ana awo awiri, Chido ndi Nyasha. Anawo pobwerako anali ataiwala Chishona chambiri. Nyasha ndi wanzeru, wokonda kuwerenga, wosatha kumeza funso. Kusukulu anzake amati amadziyesa mzungu. Kunyumba bambo ake amamuona ngati mwana wopanda mwambo.

Womasulira amawerenga pang'onopang'ono ngati nkhono, ndipo poyenda motero ndinaona kuti milandu yambiri m'bukumo imazengedwera pa chakudya. Tambu akulima chimanga kuti apeze fizi, Nhamo n'kumamubera. Pa phwando lolandira Babamukuru, Tambu akupatsidwa madzi osamba m'manja kuti azungulire nawo, ndipo akusokoneza amene ayenera kuyamba. Aliyense amene anagwadapo ndi beseni pakati pa alendo akudziwa kuti madzi amenewo ndi kaundula wa ulemu: amanena wamkulu, wotsatira, ndi amene akadye zotsala kukhitchini. Tsiku loyamba Tambu kudya pa tebulo la kumishoni, Nyasha akupeza kuti makolo ake amulanda buku limene amawerenga, *Lady Chatterley's Lover* la D. H. Lawrence, ndipo akudzuka osamaliza kudya. Mkangano wayambira pa buku, koma wathera pa mbale.

Patsogolo pake, usiku wa dansi ya Khirisimasi, Nyasha akuchedwa panja akucheza ndi mnyamata. Babamukuru akumutchula dzina la mkazi wachiwerewere, akumumenya, ndipo Nyasha akubwezera. Mwana wamkazi kumenya bambo ake! Nkhondo ya pakamwa ndi ya manja ikuthera pomwepo, chifukwa m'nyumba imeneyo sangaipambane. Ikutsala ya m'mbale. Kwa Babamukuru, mwana akadya chimene iye wagula ndiye kuti wavomera kuti mutu wa nyumba ndi ndani, choncho akulamula kuti amalize zonse. Nyasha akumvera. Akudya msangamsanga mpaka mbale kuti mbee, kenaka akupita kubafa kukazibweza. Bambo waona mwana womvera, mwana akudziwa kuti sanamvere, ndipo amene akulipira mtendere umenewu ndi thupi la mtsikanayo.

Tebulo lotere silili ku Rhodesia kokha. Mu *Purple Hibiscus* la Chimamanda Ngozi Adichie, la mu 2003, Kambili wa ku Enugu akukwapulidwa ndi lamba chifukwa wadya pang'ono Misa isanayambe kuti amwere mankhwala a m'mimba. Kambili sakudwala matenda a Nyasha, koma naye akukulira m'nyumba imene kutafuna ndi kumeza kwa mwana kuli m'manja mwa bambo. Mwana wa m'nyumba yotere amaphunzira msanga kuti zovala, mabuku, anzake ndi nthawi yofikira pakhomo zonse zili ndi mwini wake. Khomo lokhalo limene angalitseke yekha ndi pakamwa.

*

Ndinaliwerenga koyamba bukuli ndili ku yunivesite, ndipo ndinadziona mwa Tambu nthawi yomweyo. Zikanalephera bwanji? Ndinabadwa chaka chimene bukuli linatuluka, m'mudzi wina m'boma la Kasungu, ndipo fizi yanga ya ku sekondale ankalipira ndi amalume a ku Lilongwe. Nyasha ndinkamuona ngati mwana wa bwana amene wakhuta. Zinanditengera zaka kuti ndivomere kuti njira yanga inali ya Tambu koma mbale yanga inali ya Nyasha.

Ndinayamba Fomu 1 mu Januwale 2002 pa sukulu ina ya atsikana yogonera komweko. Amene analipo akukumbukira chaka chimenecho. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, zokolola za chaka chapitacho zinali zochepa, ndipo mu Febuluwale Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Ife kusukulu tinkadya katatu: phala m'mawa, nsima ya mgaiwa ndi nyemba masana, nsima ya mgaiwa ndi nyemba madzulo. Nyembazo zinali zofumbwa, ndipo tinkadandaula mokweza monga amachitira ana onse a sukulu. Pondisiya pageti, amalume anandiuza mawu amene iwo ankayesa chilimbikitso: "Mwanawe, kumudzi anzako akugona ndi njala. Iwe uzidya katatu pa ndalama zanga. Usatichititse manyazi."

Mu Malichi agogo anamwalira ndipo ndinapita kumaliro. Ndinapeza anthu akudya gaga, zitsinde za nthochi zosinja, ndi chimanga chosakhwima chimene ankachithyola akudziwa bwino kuti akudya zokolola za mawa. Mng'ono wanga, amene anali ndi zaka 11, anali atasiya kupita kusukulu chifukwa ankachita chizungulire panjira. Tsitsi lake linali litafiira. Madzulo a tsiku loika maliro amayi anaphika kaufa kamene amalume anabweretsa, ndipo poomola anandiikira ine mtanda waukulu. "Idya, mwana wa sukulu," anatero. "Ukadwala iweyo ndiye tathera pomwepo." Mng'ono wanga sananene kanthu. Anangoyang'ana chipande chikuchoka mumphika kupita m'mbale yanga. Ndinadya zonse, chifukwa kukana kukanakhala mwano, ndipo nsimayo ndikuikumbukira kukoma kwake mpaka lero. Kukomako ndiko kunandipweteka.

Nditabwerera kusukulu, belu la chakudya linayamba kundiopsa. Poyamba ndinkangogawira anzanga theka la nsima, ndipo ankandiyamikira kuti ndine wopatsa. Kenaka ndinasiya phala. Kenaka ndinadziikira malamulo ena amene sindiwalemba pano, chifukwa ndikudziwa kuti mtsikana amene ali m'dzenje limeneli amawerenga nkhani ngati ino pofuna njira. Sindinkaganiza za kunenepa ngakhale pang'ono, pagalasi sindinkapitapo. M'mutu mwanga munali masamu a ngongole: ndadya mtanda wa mng'ono wanga, ndiyenera kubweza. Tsiku limene ndasunga malamulo anga ndinkagona ndi mtima woyera, ngati munthu amene walapa. Ndinkadzuka usiku kukawerenga, ndipo mayeso a teremu imeneyo ndinakhala nambala wani. Aphunzitsi ananditchula pa mzere wa m'mawa ngati chitsanzo.

Kenaka chimanga chinacha. Mu Epulo ndi Meyi anthu anakolola, njala inayamba kuchepa, mng'ono wanga anabwerera kusukulu. Chifukwa chimene ndinayambira chinatha, koma malamulo anga sanathe. Anachita kuwonjezeka. Apa ndi pamene pali chinsinsi cha nkhani yonseyi, ndipo ndinadzachimvetsa nditakula, nditawerenga za kafukufuku wa Ancel Keys ku yunivesite ya Minnesota mu 1944 ndi 1945. Amuna 36 athanzi anadzipereka kuti achepetseredwe chakudya kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ambiri mwa iwo anayamba kuganiza za chakudya usana ndi usiku, kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe, kudya modabwitsa, kupsa mtima ndi kudzipatula. Sanali atsikana ofuna kukongola. Njala yeniyeniyo imasintha kaganizidwe ka munthu. Ukhoza kulowamo ndi chifukwa chako, koma pakapita nthawi chitseko chimene unatseka wekha chimakana kutseguka, ndipo umapitiriza kukhulupirira kuti kiyi ali m'thumba mwako.

*

Tsopano ndibwerere ku mawu anayi aja, chifukwa lililonse limaloza chala kwina.

Kunyanyala tonse timakudziwa. Mwana akakalipiridwa amanyanyala nsima, ndipo akuluakulu amati musiyeni, njala ikamuluma adzadya yekha. Mawu amenewa ali ndi choona chake: amavomereza kuti kukana chakudya ndi kuyankhula, kuti mwanayo ali ndi nkhani ndi munthu wina. Koma amaichepsa nkhaniyo. Wonyanyala ndi wachibwana, ndipo mankhwala ake ndi kumulimbira mtima. Awa ndi mawu a Babamukuru. Analinso mawu a amalume nditapita kwawo patchuthi cha Ogasiti: "Pakhomo pano palibe wonyanyala chakudya changa." Anali ndi mantha, ndikudziwa tsopano. Mantha a anthu aamuna a msinkhu wawo amatuluka ngati lamulo.

Kusala ndi kwa kutchalitchi ndi kumzikiti. Kuli ndi nthawi yoyambira ndi yomasulira, kuli ndi anzako osala nawo, ndipo kumatha ndi chakudya. Mawu amenewa amagwira bwino kuyera mtima kumene ndinkamva, koma amapatsa ulemu chinthu chimene chinkandipha. Kudzimana nakonso kumatamandidwa. Ndi kwa mayi amene amati wakhuta kuti ana adye. Ndikanakonda kunena kuti ine ndinkadzimana. Koma wodzimana amakhala ndi womusiyira, pamene nsima yanga inkathera m'mbale za atsikana okhuta kale, ina m'ndowa ya zotaya.

Kudzilanga ndiko kumayandikira kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ndinkakuzemba. Usiku umene Nyasha akusweka kotheratu, akung'amba buku la mbiri yakale ndi mano, akuswa magalasi ndi miphika yake yadothi, akuyankhula za anthu amene awasandutsa onse m'nyumbamo ogwada. Koma pakati pa mkwiyowo akudzitchulanso yekha mwana woipa, ndipo pomaliza akupempha mayi ake kuti amufungatire. Amawadziwa bambo ake kuti nawonso anapangidwa ndi amishoni ndi boma la atsamunda, kotero sangawade ndi mtima wonse. Amadziwa kuti ali ndi zonse zimene Tambu akuzilakalaka: chipinda, mabuku, nyama patebulo. Mwana amene wauzidwa kuti ali ndi mwayi amasowa poika mkwiyo wake. Akaulozetsa kwa womupatsa, ndi wosayamika. Ndiye amaubweza mkati. Hilde Bruch, dokotala wa matenda a maganizo amene analemba *The Golden Cage* mu 1978, anaona zofanana mwa odwala ake ku America: ambiri anali ana omvera, okhoza m'kalasi, odziona kuti ali ndi ngongole kwa makolo imene sangathe kuibweza, ndipo thupi linali malo okhawo amene ankamva kuti akulamula okha.

Mayina a madokotala nawo ali ndi vuto lawo kwa womasulira. Dzina loti *anorexia nervosa* linaperekedwa ndi William Gull ku London mu 1873, ndipo mawu oyambawo, ochokera ku Chigiriki, amatanthauza kusakhala ndi chilakolako cha chakudya. Ndikawamasulira motero ndinama, chifukwa njala imakhalapo, yoopsa, tsiku lonse. Dzina loti *bulimia nervosa*, la kudya kwambiri kenaka n'kuzichotsa m'thupi, linabwera ndi Gerald Russell mu 1979, ndiye kuti pa zaka zimene nkhani ya Nyasha ikuchitika linali lisanakhazikike n'komwe. Dangarembga, amene anayambapo maphunziro a udokotala ku Cambridge kenaka n'kudzaphunzira za maganizo a anthu ku University of Zimbabwe, ankadziwa chimene akulemba. Makolo a Nyasha atapita naye ku Salisbury, dokotala woyamba, mzungu, akuwauza kuti Aafirika sadwala motero, mwanayo akungodzichititsa, apite naye kunyumba akamulimbire mtima. Akuchita kupeza dokotala wina kuti agonekedwe m'chipatala. Zimenezi sizinali za m'buku mokha. Mu 1984, madokotala awiri, Buchan ndi Gregory, analemba m'magazini ya *British Journal of Psychiatry* za mtsikana wakuda wa ku Zimbabwe wodwala *anorexia nervosa*, ndipo chinachititsa kuti nkhaniyo ikhale yoyenera kusindikizidwa chinali khungu lake.

N'kosavuta kumukwiyira dokotala woyamba uja. Chovuta ndi kuvomera kuti ife timayankhulanso chimodzimodzi: matenda a azungu, matenda a okhuta. Mayi ake a Tambu akuti chimene chikupha ana a Babamukuru ndi Chingerezi chimene anameza, ndipo sakulakwa kotheratu. Nyasha amanenadi za kuchepetsa thupi, amakonda thupi lopyapyala limene kumudzi sakanaliyamikira, ndipo zimenezo anabwera nazo kuchokera ku England. Koma m'buku lomwelo, atamva kuti Tambu akupita ku sukulu ya masisitere ya Sacred Heart, mayi yemweyo akusiya kudya, akusiya kusamba, mpaka mng'ono wake Lucia akuchita kumukokera kumtsinje wa Nyamarira. Mayi ameneyo sanapiteko ku England. Ana ake akutengedwa mmodzimmodzi popanda womufunsa, ndipo akuyankha ndi chida chomwecho chimene Nyasha akugwiritsa. Palibe amene akutcha zimenezo Chingerezi.

Kwathu kuno kuwonda sikunakhalepo nkhani ya thupi lokha. Mwana akayamba kuwonda ndi kutupa, akuluakulu ankafunsa za tsempho kapena mdulo: ndani waswa mwambo, ndani wathira mchere m'ndiwo asakuyenera. Thupi la mwana linkanena mlandu wa munthu wina. Pamene ine ndinkawonda, mlandu umene anthu ankaufuna unali wa kaliwondewonde. Mu 2002 mtsikana sakanawonda popanda manong'onong'o, ndipo ndinawamva m'chipinda chogona. Amatroni ananditengera kuchipatala china kumene anandiyeza malungo ndi chifuwa, n'kundipatsa mankhwala a njoka zam'mimba ndi owonjezera magazi. Anali anthu abwino ogwira ntchito ndi mzere wautali panja. Palibe anandifunsa ngati ndimadya, ndipo akanafunsa ndikanawanamiza. M'dziko limene anthu ankafa ndi njala, ndani akanaganiza kuti mwana wopatsidwa nsima katatu akuikana dala?

*

Kutali ndi kuno, mu 2009, Laurie Halse Anderson wa ku America analemba *Wintergirls*. Lia ali ndi zaka 18. Mnzake wa paubwana, Cassie, wapezeka atamwalira yekha m'chipinda cha motelo, ndipo usiku umenewo anamuimbira Lia foni maulendo 33 osayankhidwa. Awiriwo anali atapangana kale kupikisana pa kuwonda. Lia amakhala m'nyumba yodzaza chakudya, makolo ake ndi ophunzira, madokotala alipo, dzina la matenda ake aliyense akulidziwa. Palibe atsamunda, palibe njala ya kumudzi. Komabe masamu ake ndinawazindikira msanga: ndinalephera kuyankha foni, choncho sindiyenera kukhuta. Chakudya chasanduka ndalama yolipirira mlandu umene khoti lililonse likanauthetsa, ndipo woweruza, wozengedwa ndi womanga ndi munthu mmodzi.

Ndimaliyika bukuli pambali pa la Dangarembga chifukwa limandiletsa kuchita chimene ophunzira timakonda kuchita ndi Nyasha. Pamene ndinkachita digiri yachiwiri ndinawerenga nkhani zambiri zomutcha msilikali: thupi lake likukana utsamunda, likusanza mbiri yabodza imene anamudyetsa. Inenso ndinalembapo zotero ndipo ndinakhoza bwino. Si zabodza. Mutu wa bukulo unachokera m'mawu oyamba amene Jean-Paul Sartre analembera buku la Frantz Fanon, *The Wretched of the Earth*, mu 1961, ndipo Dangarembga akufunadi kuti tione kuti nyumba ya Babamukuru ikudwala limodzi ndi dziko. Koma tikamuimbira m'manja Nyasha, timamusiya yekha kubafa kuja. Kukana kwake sikukugwetsa boma la Ian Smith, sikukusintha bambo ake. Kukumudya iye. *Anorexia nervosa* ili m'gulu la matenda a maganizo amene amapha kwambiri, imagwira anyamatanso, ndipo madokotala a masiku ano amanena kuti chibadwa cha munthu chimathandizirapo, osati za m'banja ndi za dziko zokha. Atsikana ambiri anakulira pa tebulo ngati la Babamukuru osadwala. Ambiri anadya mtanda waukulu mu 2002 n'kugona tulo. Tanthauzo limene wodwala amapereka ku njala yake ndi loona ndipo n'loyenera kulimvetsera, koma silichotsa kuti akufunika chithandizo.

Ine amene anandigwedeza ndi mng'ono wanga yemwe uja. Patchuthi cha Disembala tinali pa mtondo, ndipo ndinalephera kukweza musi. Anaulanda, anasinja kangapo, kenaka anaima n'kundiyang'ana. Mnzanga wina wa m'mudzi woyandikana anali atamuuza zimene ndinkachita kusukulu. "Achemwali," anatero, "nsima imene mumasiya kusukuluyo inafikapo kuno?" Sindinayankhe. "Ine ndinasiya sukulu miyezi iwiri kuti inu muphunzire. Ndiye mufe?" Anali wokwiya, ndipo mkwiyo wakewo unandipatsa chimene chifundo cha wina aliyense sichikanandipatsa: mwini ngongole anali atakana malipiro anga.

Sindikufuna kunama kuti ndinachira tsiku limenelo. Zinatenga zaka pafupifupi zitatu, ndi mphunzitsi wina wamkazi amene anayamba kundiitana kuti ndizidyera kunyumba kwake Loweruka, osandiyang'ana m'mbale, akungocheza za mabuku. Ndinali ndi mwayi, ndipo mwayi si njira yochizira matenda. Amene ali ndi mwana wotere apite naye kwa odziwa za matenda a maganizo, ndipo woyamba akawabweza afune wachiwiri, monga anachitira makolo a Nyasha. Mpaka lero, ntchito ikandipanikiza kapena ndikalakwira munthu, ndimapeza kuti dzuwa lalowa ndisanaike kanthu pakamwa, ndipo kamtima koyera kaja kamabwera kudzandipatsa moni ngati mnzanga wakale. Ndinaphunzira kukazindikira n'kupita kukatereka mphika.

*

Chinandibwezera ku kope lofiira lija ndi mwana wa mng'ono wanga. Ali ndi zaka 14, amakhala ndi ine, ndipo fizi yake ndimalipira ndine. Amanditchula kuti amayi aakulu, limene ndi tanthauzo lenileni la dzina la Maiguru, koma pa tebulo langa mpando umene ndakhalapo ndi wa Babamukuru. Tsiku lina madzulo, titakangana za foni, anakankha mbale n'kunena kuti alibe njala. Ndinamva mawu akukwera pakhosi panga, athunthu, ndi kamvekedwe ka amalume: ndalama zimene ndikukutayira, anzako kumudzi, pakhomo pano. Sindinadziwe kuti ndinawasunga. Ndinawameza, ndinavundikira mbale yake, ndipo ndinamuuza kuti ili pamenepo akaifuna. Patapita nthawi ndinakagogoda kuchipinda kwake, ndipo tinakamba za foniyo mpaka tinafika pa zimene zinali pansi pa foniyo: amaopa kuti akalephera mayeso ndimubweza kumudzi. Ndinamuuza kuti fizi si ngongole. Anandiyang'ana ngati ndayankhula chilankhulo chachilendo. Mwina kunali kunyanyala wamba kwa tsiku limodzi. M'mawa mwake anadya mkute ndi tiyi. Komabe ndikuyang'anira, mosamuonetsa, ndipo mawu aja ndiyenera kuwabwereza kambiri asanawakhulupirire, chifukwa ine ndemwe sindinawakhulupirire msanga.

M'kope muja ndinasiya kufunafuna mneni mmodzi. Pamene akuyankhula Babamukuru ndalemba kuti mwanayo akunyanyala, chifukwa ndi zimene iye akuona. Pamene Maiguru akumuikira kumbuyo ndalemba kuti sakumva njala. Pamene Nyasha akudzifotokoza yekha ndamusiya kuti asowe mawu, monga akusowera m'Chingerezimo. Koma pa tsamba limene Tambu wabwera kutchuthi n'kumuona msuweni wake atatha thupi, ndalemba mawu wamba amene dokotala wa ku Salisbury anamumana, amenenso ine ndinadzimana zaka zambiri. Ndalemba kuti Nyasha akudwala.